Miyala Yopsa ya ku Chigwa cha Songwe

Lero ndikukutengerani kumalire a kumpoto, kumene mtsinje wa Songwe umatsika kuchoka kumapiri nudzathira madzi ake m'nyanja ya Malaŵi, m'boma la Karonga. Amene adafikako akudziŵa kuti chigwa chimenechi ndi cha mpunga, nthochi ndi ng'ombe, ndiponso kuti tsidya lija la mtsinjewo ndi dziko la Tanzania. Zimenezo n'zoonekeratu ndi maso. Koma pansi pa minda ya chigawo cha kumpoto pagona mbiri ina imene eni ake sadailembe m'buku, mbiri ya anthu amene ankatulutsa chitsulo m'dothi zaka mazanamazana sitolo yoyamba isanamangidwe.

Alimi ambiri, kuyambira kumpoto kuno mpaka ku Kasungu ndi kumapiri a kumwera, akudziŵa mwala wina wachilendo umene khasu limagunda nthaŵi ya kugalauza. Ndi wakuda, wolemera koposa msinkhu wake, wa timabowo ngati chisa cha njuchi, ndipo pena umaoneka ngati phala limene lidayenderera kenaka n'kuuma. Mlimi amautola, nauponya m'malire a munda, n'kupitiriza ntchito yake. Mwala umenewo sudabadwe ndi phiri monga miyala inzake. Udatuluka m'ng'anjo. Ndi zotsalira zimene munthu wosungunula chitsulo adataya atatenga chimene ankafuna. Anzathu a tsidya la Songwe, pa Chiswahili, amautcha mavi ya chuma, ndiye kuti ndowe za chitsulo. Ife m'nkhani ino tiziti miyala yopsa.

Pamene ndinali ku koleji ya aphunzitsi ndidaloŵeza bwino mayina a mizinda ya ku England yotchuka ndi zitsulo, monga Sheffield ndi Birmingham, ndipo pa mayeso ndidakhoza. Komabe sindidadzifunsepo kuti khasu la agogo a agogo anga lidachokera kuti. Ndinkangoyesa kuti chitsulo chidabwera ndi sitima. Ndikuulula umbuli umenewu chifukwa ndikudziŵa kuti sindinali ndekha.

Tiyambe ndi kumvetsa ntchito yeniyeniyo, pakuti wosaidziŵa sangathe kuŵerenga umboni wake. Chitsulo sichipezeka m'nthaka chili choyera. Chimakhala chobisika m'mwala wofiirira, umene akale ankautcha nthale, chitagwirana ndi mpweya, mchenga ndi dothi. Kuti chituluke, osungunula ankaumba ng'anjo ya dothi, kaŵirikaŵiri dothi la pachulu, naika m'munsi mwake mipope yadothi yoloŵetsera mphepo. M'kati ankasanjikiza makala ndi nthale yophwanyaphwanya, mzere wa ichi, mzere wa icho, mpaka ng'anjo itadzaza. Moto ukakolera, kutentha kunkafika pafupifupi madigiri 1,200. Utsi wosaoneka wochoka m'makala unkalanda mpweya uja m'nthale, mchenga ndi dothi zinkasungunuka n'kuyenderera pansi, ndipo chitsulo chinkatsala chitaundana ngati chibuluma cha mabowomabowo. Chitsulo chenichenicho sichinkasungunuka ngati madzi, pakuti icho chimafuna madigiri 1,538, moto umene ng'anjo zotere sizinkafikapo. Chibulumacho chinkapita kuchipala, kumene wosula, mothandizidwa ndi mnyamata wopukusa mvukuto, ankachifiiritsa pamoto n'kumachimenya ndi nyundo pamwala mpaka zinyalala zotsala zitafinyika. Apo m'pamene pankabadwa khasu, nkhwangwa, kasemasema, mkondo, muvi, lumo ndi singano.

Tsono taonani chodabwitsa. Khasu, limene linali chuma, linkatha ndi ntchito, ndipo likatsala kachidutswa ankalisulanso kukhala mpeni kapena muvi. Likakwiririka m'nthaka, dzimbiri linkalidya. Mpini ndi mvukuto zinkatha ndi chiswe. Koma zimene adataya, miyala yopsa ija ndi zidutswa za mipope yadothi, sizivunda, sizidyedwa ndi chiswe, ndipo palibe wakuba amene amazisirira. Motero mboni yokhulupirika ya wosula wakale ndiyo dzala lake. Akatswiri ofukula zakale akapeza mwala wopsa amaudula, naupenya ndi makina okuza zinthu, ndipo amatha kunena ngati udachoka m'ng'anjo kapena pachipala, mtundu wa nthale imene idagwiritsidwa ntchito, ndi ukali wa moto umene udaupsereza.

Za zaka zake amafunsa makala. Mtengo ukakhala wamoyo umamwa mumlengalenga mtundu wina wa kaboni wotchedwa kaboni 14. Ukadulidwa, kaboniyo amayamba kuchepa pang'onopang'ono, kotero kuti theka lake limatha pa zaka 5,730. Poyeza wotsala m'khala la m'ng'anjo, akatswiri amadziŵa nyengo imene mtengowo udagwetsedwa. Njira imeneyi adaitulukira ndi Willard Libby wa ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Sitchula tsiku kapena mwezi, imangoloza nyengo, monga mmene nkhalamba imanenera kuti zidachitika chaka cha dzombe, koma kwa anthu opanda mabuku akale imeneyi ndi nyali yaikulu.

Kuti tione phindu la dzala lotere, tiyeni tidumphe nyanja kwa kanthaŵi, tikafike mumzinda wa York, kumpoto kwa England. Kuyambira mu 1976 mpaka mu 1981, akatswiri adafukula malo ena pamsewu wotchedwa Coppergate, pamene padayenera kumangidwa masitolo atsopano. Pansi pake adapeza nyumba ndi malo ogwirira ntchito a anthu a zaka za m'ma 900. Popeza nthaka ya pamenepo ndi ya chinyezi, idasunga ngakhale matabwa, nsapato zachikopa ndi nsalu. Pakati pa zonsezi padali miyala yopsa ya pachipala, timiphika tosungunuliramo siliva, mkuwa ndi mtovu, mipeni, misomali, maloko, ndi zidindo zachitsulo zopangira ndalama. Mwa kuunika zinthu zimenezi, adazindikira ntchito imene inkagwiridwa pakhomo lililonse, ndiponso kuti osula a ku York ankadziŵa kulumikiza chitsulo cholimba kukamwa kwa mpeni wa chitsulo chofeŵa. Mu 1984 adatsegula nyumba yoonetsera zimenezi pamalo omwewo, ndipo alendo ochoka kutali amapita kukaziona.

Chimene ndifuna kuti tisunge m'mutu ndi ichi. M'zaka zimenezo, ndi zaka mazana angapo pambuyo pake, Mngerezi ankatulutsa chitsulo m'njira yofanana ndi imene ndalongosola ija: ng'anjo ya dothi, makala, nthale, chibuluma, ndi nyundo. Ng'anjo yaikulu yosungunula chitsulo mpaka kuyenderera ngati madzi idayamba kugwira ntchito m'dziko la England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400, m'chigawo cha Sussex. Isanafike nthaŵi imeneyo, wosungunula chitsulo wa ku England ndi mnzake wa m'mphepete mwa nyanja yathu akadakumana, akadamvana pa ntchito ngakhale osamvana chiyankhulo.

Tibwerere kwathu. Mu 1965 katswiri wina, J. Desmond Clark, adafika ku Karonga ndi gulu lake kudzafufuza za anthu akale kwambiri, amene ankagwiritsa ntchito zida zamiyala, ndipo m'mudzi wa Mwanganda adafukula mafupa a njovu pamodzi ndi zida zotero. M'nyengo yomweyo Keith Robinson, amene adagwirapo ntchito pa mabwinja a Great Zimbabwe, adayenda m'dziko la Ankhonde kufunafuna mabwinja a anthu a m'nyengo ya chitsulo. Zimene adapeza adazilemba mu 1966, ndipo mu 1968 adalembanso pamodzi ndi Beatrice Sandelowsky za mabwinja a chigawo chonse cha kumpoto.

Paphiri la Phopo, pafupi ndi nyanja ya Kazuni m'boma la Rumphi, adapeza mapale, makala ndi miyala yopsa, ndipo makalawo atayezedwa adaloza nyengo ya pafupi ndi chaka cha 300. Kumwera kwa nyanja, ku Nkope m'boma la Mangochi, Robinson adapezanso mudzi wa anthu odziŵa chitsulo wa m'zaka za m'ma 300 zomwezo. Ndiye kuti utsi wa ng'anjo udayamba kufuka m'dziko lino zaka zoposa 1,600 zapitazo. Miphika ya anthu oyambawo kumpoto kuno akatswiri adaitcha Mwavarambo, potengera dzina la malo a ku Karonga kumene adaipeza. Pambuyo pake padadza miphika ya maonekedwe ena, imene adaitcha Mwamasapa, dzinanso la malo a ku Karonga, ndipo midzi yake ndi ya pakati pa chaka cha 1000 ndi cha 1300. Izi ndi zaka zomwe zija pamene osula a m'mizinda ya ku England ankamenya nyundo zawo. Mwina wina afunsa kuti mapale akukhudzana bwanji ndi chitsulo. Yankho n'lakuti mphika uliwonse umanyamula dzanja la mbumba imene idauumba. Zojambula za pakhosi pake zimasintha ndi mibadwo, choncho phale lopezeka pamodzi ndi mwala wopsa limatiuza kuti ng'anjoyo inali ya anthu ati.

Kumadzulo kwa tauni ya Karonga, pafupi ndi mtsinje wa Rukuru, kuli phiri la Mbande. Mbiri ya pakamwa ya Ankhonde imati pamenepo pankakhala Simbobwe, amene ankachita malonda a minyanga ya njovu, kufikira pamene Kyungu woyamba adafika nalanda phirilo, cha m'ma 1600. Robinson atafukula pa Mbande adapeza mapale ndi mikanda yagalasi yochokera kunja, ndipo makala a pamenepo adaloza zaka za m'ma 1400. Apa nthaka idavomereza zimene akuluakulu ankanena, kuti phirilo linali likulu la malonda Kyungu asanafike. Ndipo tisaiŵale kuti malonda a minyanga amayamba ndi wosula. Popanda mkondo njovu sigwa, ndipo popanda nkhwangwa bwato silisemedwa.

Nanga mtsinje wa Songwe uli pati m'nkhani imeneyi? Lero timaudziŵa ngati malire, koma malirewo ndi a dzulodzulo. Adaikidwa ndi pangano la Angerezi ndi Ajeremani mu 1890. Kale mtsinjewu unali dooko chabe, ndipo Ankhonde a tsidya lino ndi Anyakyusa a tsidya lija ndi anthu a chiyankhulo chimodzi. Chigwa chawo n'chachonde, koma chitsulo chinali chosoŵa. Godfrey Wilson ndi mkazi wake Monica Wilson, amene adakhala pakati pa anthu ameneŵa m'zaka za m'ma 1930 nalemba miyambo yawo, adasimba kuti makasu ndi mikondo zinkatsika kuchoka kwa Akinga, osula otchuka a m'mapiri aatali a kumpoto chakum'maŵa kwa nyanja, ndipo ankazisinthanitsa ndi chakudya ndi ziŵeto. Miphika inkabwera pabwato kuchoka kwa Akisi a m'mphepete mwa nyanja. Mchere unkachoka kutali, ndipo ku Ivuna, pafupi ndi nyanja ya Rukwa, Brian Fagan ndi John Yellen adafukula malo amene anthu ankatcheza mchere kuyambira m'zaka za m'ma 1200. Mbiri ya mafumu nayo imaloza komweko: Ankhonde amati Kyungu adachokera ku Ukinga, ndipo Anyakyusa amati makolo a mafumu awo adatsika kumapiriwo atanyamula moto, ng'ombe ndi chitsulo. Kumwera pang'ono, pakati pa Atumbuka, amasimba kuti Mloŵoka adakopa mitima ya eni dziko powagaŵira makasu, nsalu ndi mikanda, ndi kuti dzina la Chikulamayembe likukumbutsa majembe amenewo. Kulikonse kumene tayang'ana kumpoto kuno, khasu ndi ufumu zikuyendera limodzi.

Omvera a m'chigawo cha pakati ndi cha kumwera asayese kuti nkhaniyi ndi ya eni kumpoto okha. Antonio Gamitto, Mpwitikizi amene adadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, adalemba za ng'anjo zawo ndi makasu awo. David Livingstone atakwera mapiri a kum'maŵa kwa Shire mu 1859 adapeza kuti kusungunula ndi kusula chitsulo inali ntchito yaikulu ya Amang'anja. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, likulu la Kalonga, katswiri wathu Yusuf Juwayeyi adafukula zida zachitsulo, zamkuwa, minyanga ya njovu, mikanda yagalasi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, ndipo buku lake lonena za zimenezi lidatuluka mu 2020. Alipo ena amene amati ngakhale dzina lakuti Malaŵi lidachokera ku malaŵi a moto wa ng'anjo woŵala usiku, ngakhale kuti ena amalimasulira mwina.

Miyala yopsa imanena zambiri, koma sinena zonse. Sitiuza nyimbo imene inkaimbidwa pang'anjo, kapena mankhwala amene ankakwiriridwa pansi pake. Mwamwaŵi, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kudali kudakali nkhalamba zoŵerengeka zimene zidagwirapo ntchitoyi zili anyamata. Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery adapita kwa Aphoka a m'mapiri a ku Rumphi ndi kwa akuluakulu a kwa Chulu ku Kasungu, nawapempha kuti aumbenso ng'anjo monga kale, ndipo zimene adaona adazisindikiza mu 1987. David Killick nayenso adafufuza ng'anjo za ku Kasungu m'zaka zomwezo. Adapeza kuti ntchitoyi inkachitika kaŵiri. Poyamba nthale inkapsa m'ng'anjo yaitali kuposa munthu, yopanda mvukuto, imene inkadzikokera yokha mphepo kudzera m'mipope ya m'munsi, monga mmene utsi umakwerera m'chumuni. Kenaka zimene zatulukazo ankazipsereza kachiŵiri m'ng'anjo yaing'ono ya mivukuto, kuti chitsulo chiyere. Ndi nzeru imeneyi ankatulutsa chitsulo m'nthale yosauka, imene ng'anjo zina sizikadaithera kanthu.

Nkhalambazo zidaonetsanso kuti kwa iwo luso ndi mwambo sizinkalekana. Ng'anjo inkamangidwa kutchire, kutali ndi mudzi. Mwini ntchito ankadziŵa mizu ndi makungwa oteteza ng'anjo kwa anthu oipa mtima. Amuna onse ogwira ntchitoyo ankasala kugona ndi akazi awo kufikira chitsulo chitatuluka, pakuti ng'anjo inkayesedwa mayi woyembekezera, ndipo chitsulo chinali mwana wake. Tisafulumire kuseka. Munthu amene wagwetsa mitengo, naotcha makala masiku ambiri, nasenza nthale kuchoka kutali, akudziŵa kuti cholakwa chimodzi chingasandutse thukuta lonselo phulusa, ndipo mwambo unkasunga gulu lonse mu mtima umodzi mpaka ntchito itatha.

Chidazimitsa moto umenewu n'chiyani? Mu 1884 kampani ya African Lakes idatsegula sitolo ku Karonga, ndipo m'zaka zotsatira makasu opangidwa ndi makina kunja adadzaza m'dziko, otsika mtengo, osafuna makala kapena kusala. Zidutswa za zitsulo zakutha zidachulukanso, kotero kuti wosula sankafunanso chibuluma cha m'ng'anjo. Anyamata amene akadaphunzira kwa atate awo adapita kukagwira ntchito kumigodi ndi kuminda ya azungu kuti apeze ndalama ya msonkho. Pofika cha m'ma 1930 ng'anjo zomaliza zidazima. Chipala chokha ndicho chidapulumuka, ndipo mpaka lero m'misika yathu mumapezeka nkhwangwa ndi zikwanje zosulidwa kuchoka ku zitsulo za galimoto zakutha. Ng'anjo zina zidakaimabe, monga za m'nkhalango yotetezedwa ya Kasungu ndi za kumapiri a Nyika, koma mvula ikuzigumula chaka ndi chaka.

Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife amoyo. Akale adati madzi saiŵala khwaŵa, ndipo anthu a ku Songwe akudziŵa zoona zake, pakuti mtsinje wawo umasefukira ndi kusintha njira, kukwirira munda uwu ndi kugumula gombe ilo. Madzi akamagumula gombe amavundukula zimene zidabisika, ndipo akabweranso amazikokolola. Kumtunda nako, khasu, pulawo, ouumba njerwa ndi okonza miseu amasokoneza mabwinja osadziŵa. Mwala wopsa ukachotsedwa pamalo pake, n'kulekanitsidwa ndi makala ndi mapale amene udagona nawo, umasanduka mboni yoduka lilime. A ku York adatha kuŵerenga mbiri ya msewu wawo chifukwa adafika omanga asanakumbe, ndipo chinthu chilichonse adachilemba pamene chidagona.

Choncho pempho langa kwa inu alimi, aphunzitsi ndi mafumu ndi ili. Mukapeza mulu wa miyala yopsa, zidutswa za mipope yadothi, kapena chitsa cha ng'anjo, musakumbe pofuna chuma, pakuti mulibe golide m'menemo. Zisiyeni pamene zili, muuze a mfumu, ndipo mbiri ifike kwa a boma oyang'anira zinthu zakale, kapena kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004. Lamulo la dziko lino la mu 1990 limateteza malo otere, ndipo sililola munthu kufukula popanda chilolezo. Inu aphunzitsi, tengani ana anu mukawaonetse malowo, ndipo muwatume akafunse agogo awo mayina a nthale, a mitengo ya makala ndi a mabanja amene anali osula, m'Chinkhonde, m'Chitumbuka, m'Chilambya, m'Chicheŵa, m'Chiyao kapena m'Chilomwe, awalembe m'kope. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma nkhalamba zimene zidaona ng'anjo ikuyaka zidapita, ndipo amene adamva kuchoka pakamwa pawo akuchepa chaka chilichonse.

Maŵa m'maŵa, khasu lanu likagunda mwala wakuda wolemera uja, muutole, muuyang'anitsitse, ndipo muubwezere pamene mwaupeza.